Bwalo la Eni Ake: Mbiri ya Ligi za Mpira wa Pakompyuta

Mpira wa pakompyuta, umene achinyamata ambiri amangoutcha gemu ya mpira, ndi sewero limene munthu amayendetsa osewera ooneka pa galasi la kanema podina mabatani a kachipangizo kogwira m'manja, ndipo ligi ya pa intaneti ndi dongosolo losonkhanitsa anthu otere, ngakhale akhale m'mayiko otalikirana, n'kuwaikira ndandanda wa masewero, kawerengedwe ka mapointi, malamulo ndi zilango, monga momwe zimakhalira mu ligi ya pabwalo. Ligi zimenezi zili ndi zaka pafupifupi 30 zokha chiyambireni, koma mbiri yake yadzaza ndi kukokanakokana pakati pa magulu atatu, amene ndi osewera eni, makampani opanga magemu ndiponso mabungwe oyendetsa mpira wa miyendo. Gwero la kukokanako ndi limodzi. Mpira wa pabwalo ulibe mwini, pakuti ana amene amanga chikulunga ndi mapepala apulasitiki, naika miyala iwiri uku ndi iwiri uko, angathe kuyambitsa ligi yawo osapempha chilolezo kwa munthu, pamene mu mpira wa pakompyuta bwalo, mpira, woyimbira ngakhalenso kathamangidwe ka wosewera aliyense ndi katundu wa kampani, imene ingathe kuzisintha kapena kuzitseka tsiku limene yafuna.

Makampani awiri ndiwo akhala akulimbirana bwaloli. Mu Disembala 1993 kampani ya ku America ya Electronic Arts, yodziwika mwachidule kuti EA, inatulutsa gemu yotchedwa FIFA International Soccer, imene inakonzedwa ku Canada, itagula chiphaso chogwiritsira ntchito dzina la FIFA, bungwe loyendetsa mpira padziko lonse. Ndipo chaka chotsatira kampani ya ku Japan ya Konami inatulutsa International Superstar Soccer, kenako Winning Eleven mu 1995, imene ku Ulaya inayamba kudziwika ndi dzina loti Pro Evolution Soccer, kapena PES, kuyambira mu 2001. Chiphaso, chimene pano chikutanthauza mgwirizano wolipira wolola kampani kugwiritsa ntchito mayina enieni a matimu, a osewera ndi a mabwalo pamodzi ndi mayunifolomu, ndicho chinasiyanitsa kwambiri magemu awiriwa. EA inagula ziphaso zochuluka, pamene Konami inali nazo zochepa, kotero kuti kwa zaka zambiri Manchester United inkatchedwa Man Red ndipo Liverpool inkatchedwa Merseyside Red m'gemu yake. Ngakhale zinali choncho, okonda mpira ambiri a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ankaona kuti PES ndiyo inali ndi kaseweredwe koyandikira mpira weniweni, moti ankalolera kuchezera usiku akukonza mayinawo limodzilimodzi. M'nyengo yonseyi mpikisano unali wa anthu okhala pa mpando umodzi, oyang'ana kanema mmodzi, wogonja n'kupereka kachipangizo kwa mnzake wodikira, monga zikuchitikirabe m'tinyumba tosewerera magemu molipira m'matauni ambiri a mu Africa.

Intaneti itafika m'makomo, imodzi mwa ligi zoyambirira kukhazikika inali ya gemu imene munthu sayendetsamo wosewera n'komwe. Gemuyi ndi Hattrick, imene Björn Holmér wa ku Sweden anayambitsa mu 1997, ndipo m'menemo munthu amakhala mwini timu amene amagula osewera, kusankha oyamba ndi kukonza kaseweredwe, kompyuta n'kuwerengera zotsatira. Hattrick inatengera ndendende kamangidwe ka ligi za pabwalo, ka magulu osanjikizana, pakuti gulu lililonse limakhala ndi matimu 8 osewera masewero 14 m'nyengo ya masabata 16, opambana n'kukwera, otsalira kunsonga n'kutsika. Kumbali ya magemu oyendetsa osewera, bungwe la Electronic Sports League, limene linakhazikitsidwa ku Germany mu 2000, linafalitsa dongosolo lotchedwa makwerero, limene wosewera amaitana wina womuposa pa ndandanda ndipo akamugonjetsa amakwera malo. Pamene mpikisano wa World Cyber Games, wochokera ku South Korea, unaika FIFA pakati pa magemu ake kuyambira pachiyambi, ndipo ndi kumeneko kumene mapasa a ku Germany, Daniel ndi Dennis Schellhase, anatchukira. Khomo linatseguka kwa anthu wamba pamene Microsoft inayambitsa Xbox Live mu 2002 ndipo Sony inayambitsa PlayStation Network mu 2006, njira ziwiri zolumikizira makina osewerera magemu a m'nyumba pa intaneti.

Zimene makampani anapereka panthawiyo zinali zochepa, chifukwa ankangolumikiza anthu awiri osadziwana kuti asewere kamodzi n'kusiyana. Ligi zenizeni, zokhala ndi nyengo ndi mbiri, zinamangidwa ndi osewera okhaokha, mongodzipereka. Munthu mmodzi kapena kagulu ka anthu kankalemba mayina a ofuna kulowa, kugawa matimu mwa maere kuti onse asathamangire timu imodzi yamphamvu, ndi kutulutsa ndandanda wonena kuti wakuti akumane ndi wakuti lisanafike tsiku lakuti. Popeza panalibe woyimbira woona masewerowo, umboni wa zotsatira unali chithunzi cha galasi la kanema chojambulidwa masewero atangotha, choonetsa zigoli ndi mayina, chimene wopambana ankatumiza kwa oyendetsa ligi. Pafupifupi lamulo lililonse la ligi zotere linabadwa pa mkangano. Panafunika lamulo lonena chochita intaneti ikaduka masewero ali mkati, ndipo kawirikawiri ankagwirizana kuti aseweredwe mphindi zotsala zokha, zigoli zakale zikuwerengedwa. Panafunika lina lolanga munthu wozimitsa dala makina ataona kuti akugonja, ndi linanso lopereka chipambano cha zigoli 3 kwa 0 kwa amene mnzake sanabwere pa nthawi. Ntchito imeneyi, ya anthu osalipidwa amene ankaweruza milandu pakati pa usiku atachoka ku ntchito zawo, sitchulidwa kawirikawiri m'mbiri ya masewerowa, chikhalirecho ndiyo inaphunzitsa m'badwo wonse wa osewera kusunga nthawi ndi kuvomera chigamulo.

Bungwe la FIFA linalowa m'bwaloli mu 2004, pamene mogwirizana ndi EA linayambitsa mpikisano wa FIFA Interactive World Cup, umene ndime yake yomaliza yoyamba inachitikira ku Zurich ndipo anapambana ndi Thiago Carrico de Azevedo wa ku Brazil. Ndime zachipulula zitasamukira pa intaneti, chiwerengero cha olowa chinakula mpaka kupitirira 2.5 miliyoni mu 2013, ndipo mpikisanowu unalembedwa m'buku la Guinness ngati waukulu kuposa ina yonse ya magemu a pa intaneti. Mphoto yake inakhala yochepa kwa nthawi yaitali, madola 20,000 a ku America ndi ulendo wokaonerera mwambo wopereka mphoto kwa akatswiri a mpira, ndipo m'zaka zimenezo Alfonso Ramos wa ku Spain ndi Bruce Grannec wa ku France anatenga chikhochi kawiri aliyense. Mu 2017 Spencer Ealing wa ku England analandira madola 200,000, ndipo chaka chotsatira, mpikisano utasinthidwa dzina kukhala FIFA eWorld Cup, Mosaad Aldossary wa ku Saudi Arabia analandira madola 250,000 ku London.

Kukwera kwadzidzidzi kwa mphotoku kumamveka bwino poyang'ana njira ziwiri zosewerera zimene EA inabweretsa pafupifupi nthawi imodzi, ndi momwe inakondera imodzi n'kutayirira inzake. Yoyamba, imene inadzadziwika kuti Pro Clubs, inayamba ndi anthu 5 mbali iliyonse m'gemu ya FIFA 08, n'kufika pa 10 mu FIFA 09, ndipo mu FIFA 11, imene inatuluka mu 2010, zinatheka kuti goloboyi nayenso akhale munthu, timu n'kukwana anthu 11 okumana ndi anzawo 11, aliyense ali kunyumba kwake. M'kaseweredwe aka munthu amaumba wosewera mmodzi yekha, kumupatsa dzina, msinkhu ndi malo, ndipo wosewerayo amakula luso malinga ndi masewero amene wasewera. Wotchinga kumbuyo angathe kutha mphindi zingapo osakhudza mpira, ntchito yake ili yongosunga mzere ndi kutseka mpata, uku akumvetsera kaputeni amene akulankhula m'zomvera za m'makutu kuuza anzake kuti atsike kapena akwere. Ndipo timu ya akatswiri 11 odzikonda imagonja kwa timu ya anthu wamba amene azolowerana. Palibe njira ina ya gemu imene imayandikira mtima wa mpira wa miyendo kuposa imeneyi. Osewera anaona zimenezi msanga, ndipo anamanga ligi zawo, monga ya Virtual Pro Gaming ndi zina zambiri za m'mayiko osiyanasiyana, zokhala ndi magulu osanjikizana, mamanejala, makontilakiti, nyengo zogulira osewera, masiku okonzekera komanso matimu a mayiko. Komabe kwa zaka zambiri kampani inkangosintha tinthu tochepa m'njirayi, ndipo mpikisano wake waukulu wa chaka ndi chaka sunamangidwe pa iyo.

Njira yachiwiri ndi Ultimate Team, imene inatuluka mu Malichi 2009 ngati chowonjezera cha FIFA 09. Mmenemo munthu mmodzi amayendetsa timu yonse, koma timuyo amaimanga ndi makadi oimira osewera enieni, ndipo makadiwo amapezeka m'mapaketi otsekedwa amene munthu amagula ndi ndalama za m'gemu kapena ndi ndalama zenizeni osadziwa chimene chili mkati. Mu 2016, kudzera mu FIFA 17, EA inalumikiza malonda amenewa ndi mpikisano poyambitsa FUT Champions, imene mtima wake unali ligi ya kumapeto kwa sabata: wosewera ankapatsidwa masewero 40 oti awamalize kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu, ndipo ochita bwino koposa ndiwo ankaitanidwa ku mipikisano ya pamaso ndi pamaso. Masewero 40 ndi maola ochuluka kwambiri pa masiku atatu, ndipo madandaulo atakula chiwerengerocho chinatsitsidwa kufika pa 30 mu 2018, kenako pa 20 mu 2021. Ligi imeneyi inavumbula aluso enieni, monga Anders Vejrgang wa ku Denmark, amene ali mnyamata wa zaka 14 ndi 15 anapambana masewero 535 motsatizana asanagonje mu Febuluwale 2021. Koma inakhazikitsanso chinthu chimene mpira wa pabwalo ungachione ngati chachilendo, chakuti anthu awiri aluso lofanana amalowa m'bwalo ndi zida zosiyana malinga ndi kuya kwa thumba, chifukwa amene waguliratu makadi a osewera othamanga kwambiri amayamba ali patsogolo. M'chaka chake chazachuma cha 2021, EA inapeza madola 1.62 biliyoni kuchokera ku Ultimate Team m'magemu ake a zamasewero, ndipo gawo lalikulu linachokera ku mpira wa miyendo. Chiwerengero chimenechi chikufotokoza mokwanira chifukwa chimene ligi ya munthu mmodzi inalandirira chisamaliro chonse pamene ya anthu 11, imene munalibe paketi yogulitsa, inasiyidwa m'manja mwa ongodzipereka.

Maboma ena anaona kuti mapaketiwa akufanana ndi juga. Bungwe loyang'anira juga ku Belgium linagamula mu Epulo 2018 kuti mapaketi otere ogulidwa ndi ndalama zenizeni ndi osemphana ndi malamulo, ndipo mu Januwale 2019 EA inasiya kugulitsa m'dzikomo mapointi ogulira mapaketi. Ku Netherlands kampaniyi inalamulidwa kulipira chindapusa chofika mayuro 10 miliyoni mu 2020, koma khoti lalikulu linathetsa chigamulocho mu Malichi 2022.

Makalabu a mpira wa pabwalo anabwera mochedwerapo, atazindikira kuti ana ambiri akudziwa mayina a osewera kudzera m'gemu asanawaonepo pa kanema. Bungwe loyendetsa ligi ya ku Germany ndilo linatsogola poyambitsa Virtual Bundesliga mu 2012, ndipo mu 2015 kalabu ya VfL Wolfsburg inalemba ntchito Benedikt Saltzer ngati wosewera wake wa pakompyuta. Mu 2016 West Ham inalemba Sean Allen, Manchester City inalemba Kieran Brown, ndipo Schalke 04 ndi Paris Saint-Germain nazonso zinatsegula nthambi zotere. Ligi ya ku Netherlands inayambitsa eDivisie mu 2017, momwe kalabu iliyonse mwa makalabu 18 inali ndi woiimira. Ku America kunabadwa eMLS mu 2018. Ndipo ndime yomaliza yoyamba ya ePremier League inachitika ku London mu Malichi 2019, pamene Donovan Hunt, wodziwika ndi dzina loti Tekkz, anapambana atavala malaya a Liverpool. Konami nayo inali ndi ligi yake ya makalabu yotchedwa eFootball.Pro, imene Gerard Piqué wa Barcelona anathandiza kukhazikitsa, ndipo inagwirizana ndi bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya la UEFA pa mpikisano wa mayiko wa eEURO 2020, umene Italy inapambana itagonjetsa Serbia. Ligi za makalabuzi zinabweretsa malipiro, aphunzitsi ndi kuonetsedwa pa kanema, koma zambiri mwa izo ndi mipikisano yaifupi yotsatsira dzina la kalabu, ndipo sizinadzutse chikondi chonga chimene ochemerera ali nacho pa timu ya pabwalo.

Vuto limene silinathe m'mbiri yonseyi ndi la mtunda. Masewero ampikisano a pa intaneti amadutsa pa seva, imene ndi kompyuta yaikulu ya kampani yolandira zimene wosewera aliyense wadina n'kubweza zotsatira kwa onse awiri, ndipo uthenga ukamayenda mtunda wautali, wosewera wa pagalasi amachedwa kumvera chala cha mwini wake. Uthenga wochoka ku Johannesburg kupita ku London ndi kubwerako umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a sekondi, nthawi yooneka yochepa, koma yokwanira kuti wotchinga kumbuyo aponye mwendo mpira utadutsa kale. N'chifukwa chake osewera a kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo a ku Malawi ndi ku Zambia, anakhala nthawi yaitali akupikisana ali omangika mwendo umodzi, kufikira EA itaika seva ku Johannesburg, ngakhale kuti kukwera mtengo kwa intaneti ndi kuzimazima kwa magetsi zikadalipo. Luso lokha silinasowe, pakuti mu 2018 Thabo Moloi wa ku South Africa, ali ndi zaka 16, anapambana marandi 400,000 pa mpikisano wa VS Gaming ku Johannesburg, ndipo mu 2020 kampani ya Red Bull inamutenga kukhala wosewera wake. Ngakhale ku Ulaya maseva akhala akukhumudwitsa akatswiri. Kumayambiriro kwa 2020, osewera awiri amene analephera kulumikizana pa masewero achipulula a mpikisano wa EA, poopa kuti onse awiri awerengedwa ogonja, anathetsa nkhaniyo ndi kasewero ka ana kotambasula zala kusonyeza mwala, pepala kapena sizasi, ndipo nkhaniyi inafala padziko lonse monga chizindikiro cha momwe ntchito ya munthu ingalendewere pa makina amene iye alibe nawo mphamvu.

Mliri wa Covid-19 utatseka mabwalo mu Malichi 2020, mpira wa pakompyuta unatsala wokha kwa miyezi ingapo. Ku Spain osewera enieni a makalabu a LaLiga anapikisana pa intaneti posonkhetsa ndalama zothandizira odwala, ndipo Marco Asensio wa Real Madrid anapambana. Kalabu yaing'ono ya ku London ya Leyton Orient inasonkhanitsa makalabu 128 a m'mayiko osiyanasiyana pa chikho chimodzi. Ndipo mu Epulo, Diogo Jota, amene panthawiyo anali wa Wolverhampton Wanderers, anagonjetsa Trent Alexander-Arnold wa Liverpool mu ndime yomaliza ya mpikisano wa osewera a Premier League. Jota, amene anamwalira pa ngozi ya galimoto ku Spain pa 3 Julayi 2025, sanali wongoyesa, chifukwa mu Febuluwale 2021 anapambana masewero onse 30 a ligi ya kumapeto kwa sabata. Koma mliri womwewo unalepheretsa ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse mu 2020 ndi mu 2021, chifukwa okonza ankafuna kuti akatswiri akumane m'chipinda chimodzi, momwe kuchedwa kwa intaneti sikungakondere wina.

Umwini wa bwalo unaonekera poyera mu Meyi 2022, pamene EA ndi FIFA analengeza kuti akusiyana patatha zaka pafupifupi 30, atalephera kugwirizana pa mtengo wa dzina, umene nyuzipepala ya New York Times inanena kuti FIFA inkafuna kuti upitirire madola 1 biliyoni pa zaka 4 zilizonse. Manuel Bachoore wa ku Netherlands ndiye anatenga chikho chomaliza cha FIFA choseweredwa pa gemu ya EA, ku Riyadh mu Julayi 2023. Mu Seputembala chaka chomwecho gemuyo inatuluka ndi dzina latsopano loti EA Sports FC 24, ili ndi mpikisano wakewake wa FC Pro, umene Anders Vejrgang anapambana ku Berlin mu 2024. Pamene FIFA, itatsala ndi dzina lopanda gemu, inatembenukira kwa ena, n'kukonza zikho za dziko lonse pa Football Manager, pa Rocket League, imene ndi gemu ya magalimoto okankha mpira, ndi pa eFootball, dzina limene Konami inapatsa PES mu 2021. Osewera, amene ena mwa iwo moyo wawo wonse wa ntchito unali pa mpikisano umodzi, anangomva kuti chikho chagawika pawiri. N'chimodzimodzinso ndi ligi za anthu 11, zimene chaka chilichonse gemu yatsopano ikatuluka zimayambiranso pachiyambi, wosewera amene munthu anamulera kwa miyezi 12 n'kutsalira m'gemu yakale, imene maseva ake amadzatsekedwa pakapita zaka zochepa. Mu Disembala 2024, patatha zaka 20 chichitikire mpikisano woyamba wa ku Zurich, chikho cha FIFA chinaseweredwa ku Riyadh pa gemu ya Konami, kampani ija imene kale inalibe chilolezo cholemba dzina la Liverpool, ndipo Indonesia inapambana pa makina a m'nyumba pamene Malaysia inapambana pa foni ya m'manja.